Makiyi satuluka ndalama isanalowe

Bizinesi yathu ndi yogulitsira anthu galimoto zawo zakale. Sitiitanitsa galimoto ku Japan ngati mmene amachitira anzathu ambiri, ndipo pamalo pathu palibe galimoto yathuyathu. Munthu amene watopa ndi Vitz yake, kapena wapanikizika ndi fizi ya ana, amabwera nayo kwa ife kuno ku Blantyre. Timaiyendera, kuijambula, kuilengeza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kukumana ndi ogula, mpaka dzina litasinthidwa ku Road Traffic. Zikatha timatengapo komishoni yomwe tinagwirizana ndi mwini wake pa tsiku loyamba, yolembedwa papepala.

Ine ntchito yanga ndi umakaniko, ndipo galaja ndinali nayo kale. Mayi a kunyumba ndi amene amasunga mabuku ndi kuyankha mafoni. Zogulitsa galimotozi zinakula pamene kwacha inagwa. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti. Galimoto yochokera ku Japan imalipiridwa ndi madola, itsike pa doko la Dar es Salaam, iyende pamsewu mpaka ku Songwe, kenako a MRA awerengere msonkho wawo. Zonsezi zitakwera, madola akusowanso m'mabanki, anthu ambiri anasiya zoitanitsa n'kuyamba kusaka galimoto zomwe zili kale m'dziko muno. Sienta, Passo, Mira, Note, zomwe kale mwini wake ankangozitaya pa mtengo wozizira, zinasanduka katundu wa mamiliyoni. Atambwali nawo anaona zomwezo.

Oyamba kundikokera mu ntchitoyi anali makasitomala a ku galaja. Wina amaimba: "Amakaniko, pali munthu wandipeza pa Facebook akufuna kuona galimoto. Sindikufuna adziwe kunyumba kwanga, ndingakumane naye kwanuko?" Ndinkavomera, ndipo poti galimotozo ndinkazikonza ndine, ogula ankafunsa ine za injini ndi giyabokosi. Ndikuimirira pambali choncho ndinayamba kuona mmene anthu abwinobwino, aphunzitsi, anamwino, madala opuma pa ntchito, amatsala pang'ono kupereka makiyi kwa munthu amene sanalipire ngakhale tambala. Ndipamene ine ndi mayi tinakhala pansi n'kunena kuti ntchito imeneyi tiigwire mwadongosolo.

Chinyengo chofala kwambiri ndi uthenga wabodza. Wogula amaoneka waulemu, wavala bwino, sanenerera kwambiri. Mwagwirizana mtengo, iye akutokosa foni yake, ndipo posakhalitsa foni yanu yalira: uthenga ukunena kuti ndalama zalowa. Kapena akukutumizirani screenshot pa WhatsApp, yokhala ndi chizindikiro cha banki, dzina lanu ndi ndalama zake zenizeni. Zonsezi mwana wa sekondale akhoza kuzipanga pa foni. Amalawi tonse timaudziwa uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", ndipo ambiri tinasiya kugwa nawo. Koma uthenga wonena kuti walandira ndalama umalowa mumtima mwa njira ina, chifukwa ndi umene umaudikirira. Kwa ife uthenga si umboni. Mwini galimoto amalowa yekha mu akaunti yake, pa foni yake, n'kuona balansi, ndipo ngati ndalamazo n'zambiri timapita naye kubanki kuti akamve kwa wogwira ntchito pa kauntala. Airtel Money ndi Mpamba n'zothandiza pa kadipoziti kochepa, koma zili ndi malire a ndalama zomwe munthu angatumize, choncho wina akamati walipira galimoto yonse kamodzi kudzera pamenepo, timadziwiratu kuti pali nkhani.

Cheke nacho chimapha anthu. Akadaulo ake amakonda Lachisanu masana. Amakaika cheke mu akaunti yanu, ndalama n'kuoneka ngati zalembedwa, koma banki isanatsimikize kuti cheke chili bwino. Pofika sabata yotsatira cheke chabwezedwa, galimoto ili kutali. Ena amachita dala kulemba ndalama zopitirira mtengo, kenako n'kuimba modandaula kuti akauntanti wawo walakwitsa, muwabwezere zapamwambazo pa foni. Mukabweza, mwapereka ndalama zanu zenizeni posinthana ndi pepala. Kwa ife, galimoto imagona pamalo pathu mpaka banki inene kuti ndalama zakhazikika.

Chomwe chimandisowetsa tulo ndi china, chifukwa pamenepo wakuba safika n'komwe pamalopo, ndipo otsala akulimbana onse awiri amakhala osalakwa. Zimayenda chonchi. Mwalengeza galimoto yanu pa mtengo wake woyenera. Tambwali amakopera zithunzi zanu n'kuziika pa tsamba lina, pa mtengo wotsika kwambiri, ndi nambala yake ya foni. Wogula akaimba mosangalala, iye amati: "Ine ndili ku Mzuzu pa ntchito, koma galimoto ili ndi mng'ono wanga ku Blantyre. Pitani mukaione. Koma chonde za mtengo musakambe naye, sakudziwa kuti ndatsitsa, tingayambane pachibale." Akatero amaimbira inu mwini galimoto ngati wogula: "Bwana, galimoto ndaikonda, ndikutumiza mlamu wanga adzaione. Za mtengo musamuuze, ndikumugulira ngati mphatso." Anthu awiri aja amakumana, aliyense atamangidwa pakamwa. Wogula aona galimoto yeniyeni, bulubuku yeniyeni, ayesa injini, akhutira. Apita pambali, aimbira "mwini wake" wa ku Mzuzu, n'kutumiza ndalama. Kenako abwera kudzatenga makiyi, inu simunalandire kalikonse. Nambala ya ku Mzuzu ija yazima.

Zoterezi zinatsala pang'ono kuchitikira pamalo pathu ndi Sienta ya mayi ena opuma pa ntchito ya uphunzitsi. Kunabwera bambo ndi mkazi wawo, anthu achikulire, ofuna galimoto yoti iziyenda ulendo wa taxi. Bamboyo ankangoyang'ana galimoto osafunsa mtengo, zomwe si khalidwe la munthu wogula. Mayi a kunyumba ndi amene anazindikira. Anawapatsa mpando n'kufunsa: "Pepani bambo, kodi galimotoyi mwauzidwa kuti ndi ndalama zingati, ndipo wakuuzani ndani?" Bamboyo anazengereza, chifukwa analonjeza kusunga chinsinsi. Atatchula mtengo, unali wotsika ndi mamiliyoni angapo, ndipo dzina la "mwini wake" silinali la pa bulubuku. Mkazi wawo anagwira pakamwa. Ndalamazo zinali za penshoni, ndipo anali atakonzeka kuzitumiza madzulo omwewo. Kuyambira pamenepo aliyense wolowa pageti timamuuza mtengo mokweza asanatsegule n'komwe boneti, timamuonetsa dzina la pa bulubuku, ndipo timamuuza kuti ndalama zipita ku akaunti ya dzina limenelo basi. Zithunzi zathu zonse timazilemba dzina la bizinesi ndi nambala yathu pakati penipeni pa galimoto, pamene munthu sangadule. Nambala ya galimoto timaiphimba, ndipo chithunzi cha bulubuku kapena chiphaso cha unzika cha mwini wake sititumizira munthu pa WhatsApp ngakhale achonderere bwanji, chifukwa mapepala amenewo ndi omwe akapusitsire wina mawa.

Kuyesa galimoto kuli ndi malamulo ake. Woyesa amationetsa layisensi, timaijambula, ndipo m'modzi wa anyamata athu amakwera nawo. Njira timasankha ndife, masana, ndipo mafuta timaika ochepa. Posinthana mpando, mnyamata wathu amazimitsa injini n'kutsika ndi makiyi m'manja, chifukwa ambiri amaberedwa pa kamphindi kameneko, akuzungulira kumbuyo kwa galimoto injini ikulira. Wogula akati tipite nayo kwa makaniko wake, timati makanikoyo abwere, malo alipo, jeki ilipo. Makiyi apadera ndi bulubuku zimakhala zotsekeredwa kwina, osati m'galimoto.

Ndalama zikalowa ntchito imakhala isanathe, ndipo apa ndi pamene ndimakangana ndi eni galimoto ambiri. Munthu akaona ndalama amafuna kupereka makiyi ndi bulubuku n'kumapita, zosintha dzina wogula akaone yekha. Ine sindilola. Galimoto ikakhalabe m'dzina lanu mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa ku Road Traffic, kwa boma mwini wake ndinu. Ikagunda munthu n'kuthawa, ikagwidwa itanyamula makala kapena chamba, apolisi ayambira pakhomo panu, ndipo kapepala kolemba pamanja sikakuchotserani mavuto onse. Choncho timalemba mgwirizano wokhala ndi nambala ya chasisi, nambala ya injini, mtengo, tsiku ndi nthawi yomwe makiyi aperekedwa, mboni n'kusaina. Kenako tonse, wogulitsa ndi wogula, timapita ku ofesi ya Road Traffic ku Ginnery Corner ndi ziphaso zathu. Tsikulo limatha ndithu, ndipo madobadoba amakuzungulirani ndi malonjezo oti akuthamangitsirani mapepala. Sindinena kuti onse ndi akuba, ena akungosaka ya ndiwo. Koma bulubuku ya kasitomala wanga sindiipereka m'manja mwa munthu amene ndamudziwira pageti, ndipo ndalama za boma timalipira pamene pamatuluka lisiti.

Wina angaganize kuti poti amatilipira ndi wogulitsa, ndiye kuti wogula si nkhawa yathu. Sizili choncho, chifukwa ogulitsa enanso ndi atambwali. Alipo amene amabwera ndi galimoto koma bulubuku ili kwa wakatapila ngati chikole. Alipo ogulitsa galimoto ya malemu abale ena asakudziwa, ogulitsa ya pabanja mkazi asanauzidwe, ndi ena a galimoto yolowa m'dziko msonkho usanalipidwe. Tisanalandire galimoto timafananiza nambala ya chasisi ya pa chitsulo ndi ya pa pepala, timaona COF (pepala losonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, ndipo dzina la pa bulubuku liyenera kukhala la munthu amene waima patsogolo pathu ndi chiphaso chake. Pakakhala chokayikitsa timapempha kuti apolisi aiyendere kaye. Ndipo zomwe ndapeza mu injini ndimazinena. Ngati ikudya oyilo ndimauza wogula, ngakhale mwini wake akwinye nkhope, chifukwa wogulayo adzabwera kwa ine, ndipo Blantyre ndi yaing'ono.

Njira imeneyi imatitayitsa ndalama, sindibisa. Pali ogula enieni amene amakwiya tikakana screenshot yawo, amaona ngati tawatenga ngati akuba, n'kupita kwina. Pali eni galimoto amene amachotsa galimoto yawo chifukwa wina wawalonjeza kuti aigulitsa mawa lomwe. Zimawawa, makamaka mwezi ukakhala wouma, lendi ya malo ikudikira, anyamata akudikira malipiro. Koma ndaona kuti pafupifupi chinyengo chilichonse chimabwera ndi changu: ndege ikunyamuka, maliro akudikira, banki ikutseka, pali wina akufunanso galimoto yomweyi. Wogula weniweni amene wasunga mamiliyoni ake movutikira amakondwa ukamuuza kuti tidikire mpaka Lolemba, chifukwa nayenso ali ndi mantha ake. Amene amapsa mtima ndi kudikira, nthawi zambiri sabweranso.

Amene waberedwa kale timamuuza kuti asachite manyazi. Athamangire ku banki kapena ku kampani ya foni tsiku lomwelo kuti ayese kuimitsa ndalamazo, kenako kupolisi ndi mauthenga onse osafufuta. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, ndipo manambala a foni analembetsedwa ndi ziphaso, ngakhale akuba amagwiritsa ntchito ma SIM olembetsedwa m'maina a anthu ena. Ambiri amakhala chete poopa kusekedwa, ndipo nambala yomweyo imapitiriza kubera ena.

Panopa gawo lomwe likukula ndi la abale athu okhala ku Johannesburg, Cape Town ndi ku UK, amene anasiya galimoto kumudzi ndipo akufuna igulitsidwe iwo ali komweko. Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa zonse, chifukwa nkhani yakuti "mwini wake ali kunja" ndi yomweyo imene akuba amanena. Timailandira pokhapokha titalankhula ndi mwini wake pa vidiyo, nkhope ikuoneka pamodzi ndi chiphaso, ndiponso pakhale kalata yovomerezeka mwalamulo yopatsa mbale wake mphamvu yogulitsa. Wogulanso timamulumikiza pa vidiyo yomweyo kuti amve ndi makutu ake mtengo ndi akaunti yolandirira ndalama. Amene mapepalawa alibe timawauza kuti galimoto idikire mpaka adzabwere pa Khirisimasi, ndipo pakadali pano timangowalizira injini kuti batire lisafe.