Lipoti la ulendo wokaona kayezedwe ka madzi ovunduka ku Ntcheu

Komiti yathu ya madzi ya ku Dedza inapita ku Ntcheu kukaona momwe anzathu a sikimu ya madzi a m'mipope amayezera kuvunduka kwa madzi, makamaka dzinja mtsinje ukamabwera ndi matope a m'minda.

Kuvunduka amakuwerenga mu NTU, muyeso womwe nambala yake imakwera madzi akamavunduka kwambiri. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapyole 5 NTU, ndipo kuti kolorini agwire bwino ntchito akhale pansi pa 1 NTU. Tizilombo timabisala m'tizidutswa ta dothi, kolorini n'kuthera pa zinyalala asanatipeze. Kungoonjezera mankhwala m'madzi amatope n'kutaya ndalama.

Pamalo opatutsira madzi mumtsinje amagwiritsa chubu chachitali choonekera mkati, chojambulidwa mtanda pansi. Umathira madzi pang'onopang'ono uli pamthunzi, ukuyang'ana chapamwamba, mpaka mtanda usowe, n'kuwerenga pomwe afika. Chubuchi sichiona pansi pa 5 NTU, ndiye madzi otuluka m'sefa amawayeza ndi makina a turbidimeter. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa: chidindo cha chala pa kabotolo kothiramo madzi oyeza m'makinawo, kukandika kwa galasi, ngakhale thovu, zimakweza nambala madzi ali abwinobwino. Kabotolo azikatsuka ndi madzi omwe akuyezawo, kukapukuta ndi kansalu kofewa, n'kukagwira pa chitsekero.

Tinakhalitsa pa mayeso a alamu, mankhwala oundanitsa dothi la m'madzi kuti likhale pansi. Amadzaza mabotolo 6 a lita imodzi ndi madzi a mumtsinje, lililonse n'kulithira alamu wosiyana muyeso. Amatakasa mwamphamvu kwa mphindi imodzi, pang'onopang'ono kwa mphindi 15, kenako n'kuwasiya adikhe mphindi 30. Amasankha muyeso wochepa womwe wayeretsa madzi pamwamba, dothi litaundana n'kukhala pansi. Alamu akachuluka pH imatsika (madzi amakhala ndi asidi wambiri), timibulu ta dothi sitigwirana, madzi n'kutuwanso.

Sefa ya mchenga ikangotsukidwa, madzi oyamba amatuluka ovunduka; amawataya kaye mpaka nambala itsike. Amayezanso sefa iliyonse payokha, poti m'thanki yaikulu madzi a sefa yong'aluka mchenga amabisika m'madzi abwino.

Tagwirizana kugula chubu, kulemba nambala m'kaundula m'mawa ndi madzulo, ndi kuyezanso mvula yamphamvu ikangokata. Kolorini wotsala pa mpope wakumapeto tiziyeza ndi mapilitsi a DPD (amasintha mtundu wa madzi ngati muli kolorini), asachepere 0.2 mg pa lita.