London kapena Glasgow: mmene ndinasankhira malo ophunzirira digiri yachiwiri

Makalata awiri anafika motsatana mu 2025, ina yochokera ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, ina ku yunivesite ya Glasgow. Onse amandipatsa malo ochita masitazi ya zaumoyo wa anthu, maphunziro a chaka chimodzi. Kwa munthu wogwira ntchito ya zaumoyo ku Karonga ngati ine, dzina la sukulu ya ku London si lachilendo. Ofufuza ake akhala ali ku Chilumba kuyambira nthawi ya kafukufuku wa khate, ndipo ntchitoyo ndi imene inakula n'kukhala MEIRU, bungwe lofufuza za matenda ku Malawi, lomwe Glasgow nayo imagwira nalo ntchito. Mtima wanga unali utapita kale ku London.

Amene anandibweza pansi ndi amalume, omwe amathandiza pa ndalama. Nditawawerengera makalatawo pa foni anangofunsa kuti, "Nanga a Britain akufuna uwaonetse zingati usanakwere ndege?" Ndinalibe yankho. Usiku umenewo ndinatenga kope, n'kulemba mizati iwiri.

Apa ndi pomwe nkhani inatembenukira. Kuti upeze viza ya wophunzira, suonetsa fizi yokha. Umaonetsanso ndalama zodyera ndi zolipira nyumba za miyezi 9. Chaka chimenecho ya London inali mapaundi 1,483 pa mwezi, kunja kwa London 1,136. Kuwerengera miyezi 9, ndiye kuti 13,347 ku London, 10,224 ku Glasgow. Kusiyana kwake ndi mapaundi 3,123, ndipo nditawasandutsa makwacha ndinatseka kope n'kukamwa madzi kaye. Ndalamazo ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi, komanso sitetimenti ya ku banki isapitirire masiku 31 pofika tsiku lofunsira viza. Ngati zili m'makwacha amazisinthira pa mtengo wa tsiku lomwelo wa pa OANDA, tsamba la pa intaneti loonetsa mitengo yosinthira ndalama. Ife amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sitingaike ndalama yeniyeni ndendende. Tinaikamo zopitirira, kuti kwacha ikazemba tisagwe nayo.

Zina zinali zofanana mbali zonse ziwiri, choncho sindinachedwe nazo: mapaundi 524 a viza, ndalama ya chipatala ya mapaundi 776 pa chaka (yanga inakwana 1,164 chifukwa viza imapitirira chaka), ndi chikalata chosonyeza kuti ndilibe chifuwa chachikulu, chomwe aliyense wofunsira viza imeneyi kuchokera ku Malawi amafunika kukhala nacho. Mkazi wanga ndi mwana sakanabwera kulikonse, popeza kuyambira Januwale 2024 wophunzira masitazi ya m'kalasi saloledwa kutenga banja pokhapokha ngati boma ndilo likumulipirira. Zimenezo zinandiwawa kuposa ndalama, koma sizinasankhe mzinda.

Ndinaganizanso za ganyu. Viza imalola maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndipo anzanga amati ku London ntchito zimapezeka msanga. Mwina n'zoona. Koma ndalama ya ganyu siingalowe pa fomu ya viza, ndiye kuiwerengera kunali kudya mfulumira.

Kenako ndinaika pambali mayina a sukulu n'kuwerenga mndandanda wa maphunziro enieni, limodzi ndi mayina a aphunzitsi amene angayang'anire kafukufuku wanga. Chidwi changa chili pa kuthamanga kwa magazi ndi shuga m'midzi, matenda amene ndimakumana nawo tsiku lililonse pomwe anthu amaganizabe kuti ndi a m'tauni. Ndinalembera aphunzitsi awiri, mmodzi ku sukulu iliyonse, kalata yaifupi ya ndime ziwiri. Onse anayankha mwaulemu. Mfundo imene ndinatolapo ndi yakuti funso langa likanatheka mbali zonse ziwiri, choncho mapaundi 3,123 owonjezera aja, osawerengera lendi yeniyeni, akanagula dzina basi. Dzinalo ndi lolemera ndithu, sindikunyoza, koma thumba la amalume si la boma.

Ndinavomera Glasgow, ndinalipira dipoziti, ndipo sukulu inanditumizira nambala ya CAS, yotsimikizira kuti sukulu yandilandira, yomwe popanda iyo fomu ya viza siyenda. Kutumiza dipozitiyo kunatenga masabata chifukwa ku banki ina kunalibe ndalama zakunja, ndiye wina aliyense ayambe msanga. Ku London ndinawalembera mizere itatu yowathokoza ndi kuwauza kuti malowo apatse wina.

Loweruka loyamba nditafika ndinakwera sitima kupita ku Blantyre wa kuno ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, ulendo wosakwana theka la ola. Ndinajambula chikwangwani cha pa siteshoni n'kutumizira amalume. Anayankha kuti, "Ndalama zonse zija kuti ukafike ku Blantyre?"