Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene ndinali Tituba

Ndili chaka chachiwiri ku koleji, gulu lathu la zisudzo linasankha The Crucible, sewero lomwe Arthur Miller analemba mu 1953. Mtima wanga unali pa Abigail, popeza ndiye amakoka maso a anthu. Wotsogolera anangopukusa mutu. "Achemwali, inu mukhala Tituba. Mawu anuwo ndi odziwa kulira."

Nkhani yake ndi ya ku Salem, m'chigawo cha Massachusetts ku America, mu 1692, komwe anthu 19 ananyongedwa pa mlandu wa ufiti, wina, Giles Corey, n'kufa atamusanjikiza miyala pachifuwa. M'seweroli atsikana apezedwa akuvina kunkhalango usiku, ndipo Betty, mwana wa m'busa Parris, wangoti gone osadzuka. M'busayo chikumuwawa ndi mbiri yake kumpingo. Abigail, mmodzi wa atsikanawo, pomwe wapanikizidwa ndi mafunso, akuloza Tituba, kapolo wochokera ku Barbados, kuti ndiye anamumwetsa magazi.

Apa m'pamene ndinkalowa ine, nditavala chilundu chakale chomwe tinabwereka kwa mayi wophika kukhitchini. Ndinkagwada pasimenti, m'busa akundiopseza ndi chikwapu, Putnam, mwini minda wa m'mudzimo, akuti ndinyongedwe. Ndikane? Imfa. Ndivomere? Moyo, koma nditchule anzanga. Ndipo chimene ambiri sachiona powerenga n'chakuti maina oyambawo sachokera mwa Tituba. Putnam ndiye amayamba kuponya Sarah Good ndi Osburn, amayi osauka opanda wowayankhulira, Tituba n'kungotola. Tsiku lina poyeserera ndinawatchula mofulumira kwambiri, wotsogolera n'kundiimitsa. "Dikirani akupatseni kaye. Inu simukudziwa aliyense, mukungofuna kupuma."

Mlandu m'sewero limenelo umayenda ngati madzi a mvula, kulowera kotsika basi. Ukafika kwa Rebecca Nurse ndi Elizabeth Proctor, anthu olemekezeka, m'pomwe mudzi umadzidzimuka, koma oweruza amakhala atasaina kale imfa za ena, ndiye kubwerera m'mbuyo ndi manyazi. Kwa ine woipitsitsa si Abigail ayi. Ndi Putnam, yemwe Corey akumuneneza kuti akufuna minda ya onyongedwawo. Miller naye anazilawa: mu 1956 anaitanidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America yosaka achikomyunizimu, anakana kutchula maina a ena, ndipo anamupeza wolakwa mu 1957 mpaka chigamulo chinasinthidwa chaka chotsatira.

Patchuthi ndinapeza maliro kwathu. Mwana wa msuweni wanga anamwalira atatentha thupi masiku angapo, ndipo kuchipatala anapita mochedwa chifukwa bambo ake ankazengereza za ndalama ya njinga. Za zimenezo kusiwa kunali zii. Chomwe chinkanong'onedwa ndi dzina la agogo ena amasiye, omwe dimba lawo linachita malire ndi la bambo a mwanayo. Ndinauza amalume kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mphwanga, zakusukuluzo uzisiye kusukulu konko."

Agogowo anasamuka maliro asanathe sabata, kupita kwa mwana wawo kutauni. Dimba lija linalimidwa chaka chomwecho, ndipo za amene analima ndi momwe nkhaniyo inafikira kwa amfumu ndidzafotokoza m'gawo 10.