Buku ili landigwiritsa fuwa la moto

Abale inu, novelo yofufuza wakupha yomwe ndimawerenga ija yandikhumudwitsa zedi. Inayamba bwinobwino, mayi wachuma wapezeka atafa kuchipinda chokhoma mkati, kapu ya tiyi ili pambali, aliyense mnyumbamo akukayikiridwa, ine mpaka kumawerenga ndi tochi ya pafoni magetsi atathima. Kumapeto akuti wakupha ndi msuweni wina wongotulukira mchaputala chomaliza, sanatchulidwepo olo kamodzi! Ndiye ifeyo timavutikiranji kukayikira wantchito ndi mwamuna wake? Wapolisi uja nayenso palibe chomwe anafufuza, munthuyo anangoulula yekha basi. Wolemba amayenera kumwaza zizindikiro kuti owerenga tizipikisana ndi wapolisiyo, apa watibera. Amene ali ndi ina yabwino andibwerekeko chonde.