Zimene ndaphunzira pa nkhani ya magolovesi ndi makina ozungulira

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikukonza mipando, zitseko ndi tizinthu tina tachitsulo m'kachipinda kamene ndinapatula kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi yonseyi ndinkakhulupirira kuti munthu akangovala magolovesi ndiye kuti manja ake atetezeka. Maganizowa anagwedezeka tsiku lina pamene ndinkaboola kachitsulo kopyapyala nditakagwira ndi dzanja lamanzere. Ulusi wa golovesi unakodwa pa nsonga yoboolera, chala chinakokedwa mwamphamvu, ndipo chinandipulumutsa n'chakuti makinawo anali a m'manja, moti nditasiya batani anaima. Chalacho chinatupa kwa masiku angapo, koma chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri chinali chakuti chovala chimene ndinkachidalira ndicho chinatsala pang'ono kundilemaza. Ndinayamba kuwerenga nkhaniyi mofatsa.

Phunziro lalikulu limene ndapeza ndi lakuti magolovesi savalidwa pogwiritsa ntchito makina ozungulira, monga oboolera, onolera zitsulo, osemera matabwa ndi macheka oyendera magetsi. Chala chopanda kanthu chikakhudza nsonga yozungulira chimakalika, ndipo munthu amachichotsa msanga chifukwa cha ululu. Golovesi samva ululu, komanso sang'ambika msanga, choncho amakulungika pa chitsulocho n'kukokera dzanja lonse mkati munthu asanazindikire chimene chachitika. Chodabwitsa n'chakuti golovesi akakhala wolimba kwambiri, ngoziyo imakulanso, pakuti palibe pamene angadukire kuti dzanja limasuke. Zimenezi zimakhudzanso malaya a mikono yaitali yolendewera, mphete, wotchi ndi tsitsi losamanga. Ndazindikiranso kuti cholakwa changa choyamba tsiku lija chinali kugwira chitsulo ndi dzanja m'malo mochimanga pa chopanira.

Izi sizinandichititse kutaya magolovesi, koma zinandiphunzitsa kuwasankha molingana ndi ntchito. Ponyamula malata, magalasi kapena matabwa osapala, amafunika olimba kuti asachekeke, pamene powotcherera zitsulo amafunika achikopa ataliatali ofika pamkono. Ambiri mwa magolovesi a ntchito zotere amakhala ndi chizindikiro cha EN 388, womwe ndi muyezo wa ku Ulaya, ndipo pansi pake pamakhala manambala anayi osonyeza kupirira kwa golovesi pa kuperesedwa, kuchekedwa, kung'ambika ndi kubooledwa. Kuyambira mu 2016 anawonjezerapo chilembo, kuchokera pa A kufika pa F, chosonyeza mphamvu yolimbana ndi tsamba lakuthwa, ndipo F ndiye wolimba koposa. Kale ndinkaona manambalawa ngati zokongoletsa chabe, pomwe ndiwo amandiuza zoona za chimene ndavala.

Gawo la mankhwala ndi limene landitengera nthawi yaitali, chifukwa apa diso limanyenga. Golovesi amatha kuoneka wabwinobwino pamene mankhwala alowerera kale n'kufika pakhungu. Magolovesi a latex, omwe ndi a mphira wachilengedwe, amafooka akakhudzana ndi mafuta a makina kapena petulo, komanso anthu ena khungu lawo siligwirizana nawo. A nitrile, omwe ndi a mphira wopangidwa ku fakitale, amalimbana bwino ndi mafuta, koma acetone, mankhwala osungunulira penti, amadutsa mwa iwo mofulumira, moti pamenepo pamafunika a mphira wina wotchedwa butyl. Simenti yonyowa nayonso ndinkaipeputsa, osadziwa kuti ndi yaukali kwambiri, moti pH yake, womwe ndi muyezo wa ukali wa mankhwala, imafika pa 12 kapena kupitirira, ndipo imawotcha khungu pang'onopang'ono munthu osamva kanthu mpaka patapita maola. Ikalowa mkati mwa golovesi n'kukhala momwemo, chilonda chake chimakhala choopsa kuposa kuigwira ndi dzanja lopanda kanthu n'kusamba nthawi yomweyo. N'chifukwa chake tsopano ndimavula magolovesi a mankhwala mowatembenuza, kuti kunja kwake kusakhudze khungu, ndipo opyapyala sindiwavalanso kachiwiri.

Pa nkhani ya magetsi, magolovesi wamba sateteza konse, ndipo njira yodalirika pakhomo ndi kuzula pulagi musanasinthe tsamba kapena nsonga ya makina.

Chimene chandikhudza mtima n'chakuti m'kachipinda ngati kanga mulibe woyang'anira, mulibe mnzako woti n'kuzimitsa makina ukakodwa, ndipo nthawi zina ana amalowamo mwadzidzidzi kudzaonerera. Udindo wonse uli pa ine ndekha. Choncho ndasuntha msomali wopachikapo magolovesi kuti ukhale pafupi ndi khomo, kutali ndi makina oboolera, ndipo pamalo pake ndapachikapo magalasi otetezera maso ndi zotseka m'makutu. Chopanira ndachimangirira patebulo mosachotseka, ndipo sabata ino ndayamba kuwerenga za fumbi la matabwa, chifukwa ndazindikira kuti kwa zaka zonsezi ndakhala ndikulipuma popanda chotchinga pamphuno.