Giyabokosi yangokonzedwa kumene koma ikukana giya yachinayi

Corolla yanga ya otomatiki, ya mtundu wa NZE121 yochokera ku Japan, idatuluka ku galaja ina ku Luwinga giyabokosi itaphwasulidwa n'kumangidwanso. Vuto lakale lidatha, koma kudabwera ena awiri. Ndikaika pa D inkayamba yazengereza, kenako n'kugwira mogunda ngati wina waikankha kumbuyo. Pamsewu wa ku Ekwendeni m'mawa injini inkangolira, giya yachinayi osalowa.

Makaniko adati, "Bwana, tiitsitsenso tione m'kati." Ndidati, "Ayi achimwene, tiyambe ndi zakunja." Kutsitsa giyabokosi ndi ndalama zina, ndipo zinthu zambiri zimene zimaisokoneza zili poti dzanja lifika osamasula bawuti yaikulu.

Tidayamba ndi oyilo. Wa giyabokosi ya otomatiki sayezedwa ngati wa injini. Galimoto iyende kaye mpaka itenthe, iime pamalo osapendekeka, injini ikulira. Mwaponda buleki, mudutse pa R, N, D mpaka pansi, n'kubwerera pa P, ndiye muzule dipisitiki. Wathu adali pansi pa mzere wa HOT. Izi zimachitika giyabokosi ikangomangidwa: oyilo amene athira koyamba amakadzaza torque converter (chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi) ndi mapaipi opita ku radiyeta, m'munsimo n'kuchepa. Tidawonjezera Type T-IV, amene Toyota idalamula pa giyabokosi imeneyi. Pa oyilo musalole "aliyense ndi ATF basi" (ATF ndi dzina la oyilo wa giyabokosi ya otomatiki). Wa giyabokosi za mtundu wina zotchedwa CVT, amene amathira m'ma Vitz ndi ma Sienta ambiri, ndi wina, ngakhale botolo likhale lofanana. Kugunda kuja kudatha pompo.

Giya yachinayi ndiyo idatitayitsa nthawi. Tidaona pulagi ya mawaya opita ku ma solenoid (timavavu ta magetsi tosintha magiya), yomwe imaiwalika kukankhidwa bwino pobwezeretsa giyabokosi, idali bwinobwino. Tidaiika pa kompyuta. Kamakina koyamba, kotchipa, kadakana kulankhulana ndi galimotoyo, monga zimakhalira ndi zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan. Pamakina ena tinkayembekeza kuona P0750 kapena P0755, manambala osonyeza solenoid yovuta. Padalibe kalikonse.

Mnyamata wa kompyutayo ndiye adati tiyende nayo makinawo ali cholumikiza. Kudali kozizira, chifunga cha mu June chija cha kuno ku Mzuzu. Tikuthamanga, kutentha kwa madzi a mu injini kunkatsika m'malo mokwera. Pamenepo nkhani idamveka. Kompyuta ya galimotozi imaletsa dala giya yachinayi mpaka madziwo afike pafupifupi madigiri 60. Titamasula paipi ya madzi yolowa mu injini, thermostat, kavavu kotsekera madzi kuti asapite ku radiyeta injini isanafunde, mudalibe. Wina adaichotsa kalekale, mwambo uja wa amakaniko athu woti "kuno n'kotentha, siyofunika". Mwina ku Nsanje munthu sangazindikire msanga, koma kuno mphepo ya m'mawa imaziziritsa radiyeta mpaka injini kulephera kufunda.

Tidagula thermostat yatsopano, imene imatseguka cha m'madigiri 82, ndi rabala yake, n'kuthira coolant, madzi oziziritsa injini. Ndidaiyesa pamsewu wa ku Chikangawa, chifukwa zitunda zake zimaikakamiza kutsika ndi kukwera magiya pafupipafupi. Yachinayi idalowa injini itangofunda. Kuchoka yachiwiri kupita yachitatu kudakhalabe kolimba pang'ono masiku oyamba, pamene kompyuta inkazolowera zipangizo zatsopano za m'kati. Ndikaimika madzulo ndimasuzumirabe pansi, pomwe mapaipi a oyilo amalowera mu radiyeta, kuona ngati pakudontha.