Mbande za maluwa ndi mitengo ku Mzuzu: musataye tsiku ngati ine

Mpanda wamaluwa pakhomo pathu ku Luwinga wagwira tsopano, mtima wakhala pansi. Zokumba maenje ndi kuthira manyowa nonse mumazidziwa, ndiye ndizidumpha.

Chimene chinandiwawa ndi mbande za mitengo. Ndinkafuna mbawa ndi jakaranda, anthu n'kundilozera ku ofesi ina imene ili ndi nazale. Ndinalawirira m'mamawa. Akuti kalipireni kaye kwa akashiya. Akashiya akuti buku la malisiti latha, badikirani. Buku litapezeka, wosunga makiyi a nazale anali atapita m'tauni. Ndinakhala pabenchi mvula ikuwaza mpaka dzuwa kupendeka, popanda ngakhale mmodzi wondiuza kuti mubwere mawa. Atafika anangoti, "Amayi, tengani zomwezi, zina kulibe." Mbande zake zokhalitsa, mizu yopiringizana m'machubu, ina italowa kale pansi. Ndalama ndinali nditalipira kale! Tsiku lonse lantchito, kuphatikizapo ya kabaza, kupita pachabe.

Choncho musalipire musanaone mizu. Nyamulani chubu, muyang'ane kunsi. Chikakanirira pansi kapena chikalimba gwa, chisiyeni. Ogulitsa m'mbali mwa msewu amakulolani kusankha nokha, ndipo ndi kumene ndinakapeza mbawa zabwino.

Maluwa ambiri simufunikanso kugula. Hibiscus, duranta ya mpanda ija, bougainvillea ndi hydrangea zimamera ndi nthambi zodula, ingopemphani kwa aneba. Hydrangea ndiye amasangalala ndi kuzizira kwa kuno, ndipo m'dothi lathu lofiirali amatulutsa maluwa abuluu. Muikeni pamene pamawomba dzuwa la m'mawa lokha. Bougainvillea ndi wosiyana, amafuna dzuwa tsiku lonse, ndipo mukamamuthirira kwambiri amangochita masamba osaonetsa duwa.

Ndaiwala za nthawi. Dzalani mu Disembala kapena Januwale. Kuno mvula imafika mpaka Epulo, nthawi zina Meyi, kenako mawawa a Juni ndi Julayi amathandiza. Miyezi yovuta ndi Seputembala mpaka Novembala, pamenepo madzi otsukira ndiwo musataye, bilu ya madzi ingakukhumudwitseni.

Chiswe nachonso. Manyowa osawola bwino ndi mapesi ogundana ndi tsinde zimachiitana. Ine ndimawaza phulusa mozungulira, koma osati pa hydrangea, chifukwa phulusa limasintha dothi, ubuluu uja n'kutha.

Ndikakumbukira za benchi lija mpaka pano ndimapsa mtima, chifukwa jakaranda wa kumeneko sakukula bwino ngakhale ndinadula mizu yopotana ija podzala. Jakarandayo muike kutali ndi nyumba komanso thanki ya chimbudzi, mizu yake imayenda patali. Chipulasitiki cha chubu muching'ambe ndi lezala, musakwirire nacho limodzi. Ndipo ndibwerezenso, wina akakuuzani kuti lipirani kaye, muuzeni kuti ndione kaye mbandezo.